Wometa Wathu ndi Mpira wa Anthu Asanu

Wometa wathu amasunga m'mutu mbiri yonse ya mpikisano wa mayiko wa mpira wa anthu asanuasanu: unayamba liti, chikho chinapita kuti, analira ndani. Akayamba kufotokoza, makina amazima, iwe atakumeta mbali imodzi. "Bwalo laling'ono silibisa waulesi," amatero.

Tsiku lina ndinatopa nazo. "Akulu, umenewo ndi mpira wa anthu oopa kuthamanga. Ine ndinkamenya weniweni."

Loweruka anandibweretsera jezi.

Nditalowa m'bwalo laling'ono lija, mphindi zitatu zisanathe ndinali wefuwefu. Mpira utatuluka, ndinautola n'kuponya ndi manja, osadziwa kuti kumeneko amaubweza ndi phazi. Bwalo lonse linafa nalo phwete.

Masiku ano mbiri ija inatalikirako. Makasitomala akadzaza, amandiloza ndi chipeso: "Kenako kunabwera katswiri uyu."