Bokosi la a Esau

Chaka chachiwiri cha makuponi kunamveka mphekesera kwathu kuno yoti Davison, uja wokonza njinga pa chisakasa cha pafupi ndi mlatho wa Lisasadzi, amamwaza misomali mumsewu nyengo yokatenga feteleza. Amati amalawirira kukafesa ngati mawere, kenako n'kukhala pampando kudikira zokolola. Palibe anamuonapo. Koma anali atakhoma malata chaka chomwecho, ndipo munthu wosalima fodya akakhoma malata, anthu pakamwa pamawayabwa. Enafe tinkamvera ndi khutu limodzi.

A Esau anamvera ndi makutu onse awiri. Bambo ameneyu ndi mlimi wa fodya, mkulu wa mpingo, munthu amene sanadzidzimutsidwepo ndi kanthu chibadwire. Kumaliro amapita ndi mabuku a nyimbo awiri, kuopa kuti lina lingasowe tsamba. Njinga yawo yakuda anaigula chaka chimene anabadwa Thoko, mwana wawo woyamba, ndipo Loweruka amayamba kusambitsa njingayo, madzi akatsala ndiye asambe iwo.

Kuponi itapezeka, chimanga chinali chitamera kale, masamba achikasu ngati chadwala malungo. Matumba awiri a feteleza a pa kuponiyo ndiwo anali chakudya cha chaka chonse. A Esau analumbira kuti akawatenga ndi kubwera nawo osaponda pa chisakasa cha Davison.

Anaphwasula jeke yakale yodindira fodya, ija ya penti yobiriwira, n'kukhoma bokosi la zipangizo. M'mawa wa ulendowo anayala zonse pamkeka: pampu, masipanala atatu, pulayala, guluu, zigamba zisanu, masipoko, tcheni chakale, hamala. Ankanyamula chimodzichimodzi, kuchiyang'ana ngati tsamba la fodya pogireda, n'kupeza kuti n'chosasiyika. Misomali yotsala ya jeke ija anaithiranso momwemo, poti bokosi likhoza kukhwefuka panjira.

Akazi awo a Agnesi anaima pakhomo ndi pepala la pulasitiki, lija lofolerera chigafa. Anati mitambo ya kumadzulo sikuwasangalatsa, atenge pepalalo akafunditse matumba.

"Malo atha," anatero a Esau.

"Chotsani tchenicho."

"Nanga chikaduka?"

"Bambo a Thoko, chaduka kangati chigulireni njingayi? Mukukatenga feteleza kapena mukukatsegula shopu?"

A Esau anawafotokozera mofatsa, monga achitira ndi a kalasi ya ubatizo, kuti mvula ndi ya Mulungu koma misomali ndi ya Davison, ndipo munthu amakonzekera mdani amene akumudziwa. Pepala linatsala. Hamala inapita.

Ulendo wopita unayenda bwino, bokosi likulira pakaliyala ngati ngolo ya wosula ndowa. Podutsa pa chisakasa, Davison anakweza dzanja kupereka moni. A Esau anayang'ana kumwamba, akumwetulira cha mumtima. Chimene sanaone n'chakuti thabwa la pansi pa bokosi linali ndi kabowo ka mfundo, kolowa chala.

Kudepoti anaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Matumba anapatsidwa. Anawamanga pakaliyala ndi malegeni, bokosi n'kulipachika kutsogolo, nauyamba wobwerera, mitambo ija itayamba kuda.

Tayala linabooka asanafike n'komwe pa munda wa bulugama. A Esau anasangalala ndithu. Anatsitsa matumba, anamata chubu, anapopa, anamanganso, akudziuza kuti lero Davison wafesa pathanthwe. Msomaliwo anauzula n'kuuponya kutchire osauyang'ana. Kachiwiri anamata akuimba. Kachitatu nyimbo inatha. Kutsitsa matumba awiri ndi kuwakwezanso si masewera kwa munthu wa imvi, ndipo m'mbali mwa msewu munali anthu ena ogwada pa njinga zawo, aliyense akutchula dzina la Davison pamodzi ndi la amayi ake.

Chigamba chachisanu chitatha, tayala linaphwanso, mlatho ukuoneka apo. Dontho loyamba linagwa pa thumba. A Esau anatsegula bokosi. Tcheni chinalipo. Masipoko analipo. Hamala inali bwinobwino. Panalibe choti n'kufunditsa feteleza, amene akanyowa amasanduka phala. Anavula jekete la kumpingo n'kuyala, koma jekete limodzi silifunda matumba awiri.

Denga lokhalo m'dera lonselo linali la chisakasa chija. Anakankha njinga, mutu uli pansi. Davison anawaona ali patali, anathamanga, anasenza thumba limodzi paphewa, n'kubwereranso lachiwiri. Matumba anangonyowa kunja kokha. Mvula inakhuthuka ngati yakwiyira munthu.

Mkatimo munadzaza eni njinga zobooka, onse nkhope zolimba. A Esau, poti ndi mkulu wa mpingo, anaona kuti ndi udindo wawo kulankhula. Anathokoza za matumba, kenako anati komabe tchimo ndi tchimo, msewu si munda.

Davison anatenga chitini chimene ankaponyamo zonse zozula m'matayala a anthu tsiku limenelo, n'kukhuthula patebulo. Misomali yopindika, khumi ndi umodzi.

"Madala, ine penti yobiriwira ndilibe," anatero. "Tandithandizani kuyang'ana mitu yakeyi."

Anthu anayang'ana misomali. Kenako anayang'ana bokosi lobiriwira lopachikika pa njinga yakuda. Mayi wina, a Consolata, amene anakankha njinga yawo kuchokera ku bulugama, analigwedeza pang'ono, ndipo msomali womaliza unagwa pa kabowo kaja, n'kugubudukira pa nsapato ya a Esau.

Feteleza anafika kunyumba madzulo omwewo, atafundidwa pepala lobwereka kwa Davison. A Agnesi analiyanika pa chingwe cha kutsogolo, pamene aliyense wodutsa angalione, ndipo linakhala pomwepo masiku atatu ngakhale linauma tsiku loyamba. Chimanga chinabiriwira. Bokosi lija tsopano nkhuku zimaikiramo mazira.

Davison sanamwazepo msomali mumsewu. Malata aja anamugulira ndi mlongo wake wa ku Joni.