Ukwati wa a Bonface Unalibe Kalata

Zinayamba m'dzinja la 2011, chimanga chitangomasula. A Bonface Chimwala anachoka kwawo ku Mchinji, m'Malawi, kudzakhala pachikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Vubwi. Anadzera kanjira ka m'minda kamene aliyense amadzera popita kumaliro kapena kuchigayo, osaganizako zoti alowa dziko lina. Ankhoswe anakumana pa 19 Febuluwale, nkhuku inadyedwa, Tryness n'kukhala mkazi wawo.

Makolo a m'mudzimo anali ataumba njerwa n'kumanga sukulu yawoyawo, koma analibe mphunzitsi. Atamva kuti mkamwiniyo anachita za uphunzitsi kwawo, anangowapatsa choko. Anaphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri. Ena mwa ana amene anadutsa m'manja mwawo lero ndi anamwino ku Katete.

Tryness anamwalira pa 3 Novembala 2022, nasiya mwana mmodzi, Cynthia, wa zaka zisanu ndi zinayi. Achibale a malemuyo sanafune kuwasudzula a Bonface kuti abwerere kwawo. A Enock, malume ake a mwanayo, ankati, "Alamu, mukapita inu masamu aphunzitsa ndani? Ine, wowerengera mbuzi pazala?"

Boma litatenga sukuluyo, pa 14 Malichi 2023 a Bonface anaitanidwa ku ofesi ya boma ku Chipata kukaonetsa mapepala.

"Chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno chili kuti, aphunzitsi?" anafunsa mayi wa mu ofesimo.

"Ndine mkamwini, mayi. Mudzi wonse ukundidziwa."

"Nanga kalata ya ukwati?"

"Ankhoswe onse awiri ali moyo. Ndikawatenge?"

Mayiyo sanaseke. Anafotokoza modekha kuti mlendo sagwira choko asanapatsidwe chilolezo, ndipo mawu a ankhoswe salowa m'fayilo. Anawapatsa masiku makumi atatu kuti atuluke m'dziko.

A Bonface atafika kumudzi anapempha kuti atenge Cynthia. A Enock anagwetsa misozi, koma anakana. Mwana ndi wa kwa amake, ndipo mkamwini popita satenga mwana.

Masiku otsalawo a Bonface analimira udzu pamanda a Tryness, nakutira makope onse a Cynthia ndi mapepala a simenti, nalembapo dzina lake ndi dzanja lawo lokongola. Mwanayo anawaperekeza mpaka pamlatho, atanyamula chikwama chawo cha mabuku, ndipo anakana kuchipereka mpaka a Enock anachita kumulanda.

A Bonface sanadzerenso kanjira ka m'minda kaja. Anazungulira njira yaitali ya ku ofesi ya pamalire ku Mwami kuti akawadindire kalata yotulukira. Linali Lachinayi, pa 13 Epulo 2023.