Zingwe Zoyera pa Jombo za Russell

Anzanga, Russell ndinakumana naye m'shopu ya malekodi ku Coventry, chaka cha 1982. Ndinali ndi zaka 17. Tonse awiri tinagwira lekodi imodzi ya ska nthawi imodzi.

"Tasiya iwe, ndi nyimbo za kwathu izi," ndinatero. Paja makolo anga anachokera ku Jamaica.

"Ndiye undiphunzitse kavinidwe kake," anayankha akuseka.

Mzungu wometa mpala, jombo zikuluzikulu, thalauza lopinda m'munsi. Skinhead weniweni! Koma masiku amenewo ambiri a iwo tinkavina nawo limodzi, akuda ndi azungu, popanda vuto.

Ndinamukonda, sindinama. Loweruka lililonse ankabwera kwathu, ine n'kumamumeta kukhitchini, mayi akumuwonjezera mpunga ndi nkhuku. Bambo anga, omwe ankayendetsa basi, ankamuseka kuti amavina ngati waponda moto.

Kenako ntchito inamuthera kufakitale ya magalimoto. Anayamba kuyenda ndi anyamata ena amene ankati akuda ndiwo awalanda ntchito.

Tsiku lina anabwera atamanga jombo zake ndi zingwe zoyera. Kudera kwathu ngakhale mwana ankadziwa kuti zingwe zoyera n'za gulu lodana ndi akuda.

"Russell, izi ndiye ziti?"

"Aa, ndi zingwe basi, Paulette. Zakuda zija zinaduka."

"Ukundiyesa mwana eti?"

"Iwe sizikukukhudza. Ndiwe wosiyana ndi enawo."

Wosiyana! Koma ine chitsiru ndinangomumeta ngati masiku onse. Ndinkaopa kumutaya.

Patatha milungu iwiri, gulu lawo linachita zionetsero m'tauni masanasana. Bambo anabwera kunyumba msanga, jekete la yunifolomu lili malovu okhaokha. Anyamatawo anawatsekera msewu, n'kuwakokera kunja kwa basi, akukuwa kuti abwerere kwawo. Munthu woti wanyamula anthu a mumzindawu zaka makumi awiri!

Bambo anakana kuti mayi achape jeketelo. Analichapa okha pasinki, ine nditaima pakhomo.

"Paulette, mnzako uja ndamuona lero."

"Analavula nawo?" ndinafunsa.

"Ayi mwanangu, sanalavule." Anafinya jekete lija. "Ndinamuitana dzina kawiri. Anandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana pansi."

Mawa lake Russell anagogoda pakhomo, maso ali psuu.

"Sindinawakhudze, Paulette, ndikulumbira! Ndikanatani? Akanandimenya inenso!"

"Ndikudziwa kuti sunawakhudze."

"Ndiye bwanji ukundiyang'ana choncho?"

"Pita, Russell. Usadzapondenso pano."

Ndinatseka chitseko, ndinalira mwezi wathunthu. Ndinkamusowa, ndipo ndinkadzida chifukwa chomusowa.

Anzanga, chimene chimandiwawa mpaka lero si malovu aja ayi. N'choti pakati pa chigulu chonsecho, bambo anga ataona nkhope ya Russell anaganiza kuti apulumuka. Anamukhulupirira chifukwa ndine ndinamulowetsa m'nyumba mwawo.