Chaka chimene bambo anagawa dimba lawo

Bambo anga anagonekedwa kuchipatala cha kuboma m'nyengo yozizira, chifuwa chitawagwira. Anapeza mabedi onse ali ndi anthu, ndiye anayamba agona pansi, pamatilesi, pafupi ndi khomo. Bedi anadzalipeza mwini wake atamwalira. Wowadikirira ndinali ine, poti mayi sakanatha kusiya mbuzi ndi adzukulu kumudzi ku Lobi.

Atayamba kudya okha ndi kudzipitira kuchimbudzi, namwino anandiitanira pambali. Anati masiku ano wodwala akayamba kupeza bwino samusunganso m'wodi. Mankhwala akamalizire kunyumba, mlangizi wa zaumoyo wa kwathu aziwayendera. M'khonde munali bambo wina wa ku Linthipe, akupuma movutikira, akudikira bedi lomwelo.

Bambo anamva zina. Mmene iwo anakulira, munthu akabwezedwa kuchipatala asanachiriretu ndiye kuti madokotala alephera.

"Ingondiuza zoona, mwanawe," anatero tili m'minibasi. "Akuti ndikafere kwathu?"

"Iyayi bambo, akuti mukuchira. Bedi lija akufuna agonekepo wina."

"Akunamiza amenewo."

Titafika anaitanitsa akatekisiti kuti akauze abambo mfumu kuti adzawadzoze mafuta a odwala. Kenako anayamba kugawa zinthu. Njinga anapatsa mlamu wanga. Dimba la kudambo, limene anatsegula okha ali mnyamata, anapatsa mwana wa mlongo wawo, pamaso pa anthu. Mayi anayesa kuwaletsa, koma bambo anati sakufuna ndewu pamaliro awo.

Mankhwala ankamwa chifukwa choti mayi ankaima pomwepo mpaka ameze. Mlangizi uja ankabweradi, kuwayeza thupi, n'kuwauza kuti akunenepa. Iwo ankangoti ndi kutupa.

Kutayamba kutentha, chifuwa chinali chitasiya. Ankadzuka m'mawa, kunola khasu, n'kusowa kolowera nalo. Kuchokera pakhonde pathu dambo limaoneka lonse, ndiye ankakhala pamenepo n'kumaonerera msuweni wanga uja akuthirira kabichi m'dimba lawo.

Tsiku lina anandiitana. "Tapita ukamuuze kuti sindinafe."

"Akudziwa, bambo. Dzulo lomweli anabwera kudzakuonani."

"Kamuuzebe."

Ndinapita. Msuweni wanga anatula chitini chothirira n'kuseka, kenako anati, "Amalume anandipatsa okha. Ndathiramo kale feteleza. Andilole ndikolole, tikatero tikambirana."

Atakolola anakambiranadi, ndipo anagawana dimbalo pakati. Bambo anatenga mbali ya kumunsi, kumene madzi sauma, n'kubzalamo mbatatesi. Njinga yokha sinabwerenso. Mlamu wanga anali atayamba kale kunyamulirapo anthu pamsika, ndipo bambo anachita manyazi kuifunsa.

Chaka chatha mayi nawo anagonekedwa, n'kutulutsidwa msanga chimodzimodzi. Achibale atabwera kudzawazonda, bambo anakhala pakhomo n'kumauza aliyense wolowa kuti mayi akanena zogawa chinthu, asawamvere.