Wovomera Ndiye Anabzala Paini

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 8, pamene ine ndi msuweni wanga Yohane tinatentha paini pa Phiri la Zomba. Sitinachite dala ayi, tinkangofuna mbewa. Kunali m'chilimwe, udzu utauma kuti gwaa. Machesi ndinabweretsa ndine, ndinawaba m'khitchini mwa amayi, koma anayatsa ndi Yohane, ine ndikumuletsa kuti mphepo yachuluka. Posakhalitsa moto unadumpha njira n'kulowa m'mitengo ing'onoing'ono yongofika m'chiuno. Tinaliyatsa liwiro, utsi wonunkha utomoni ukutiwawa m'maso.

Bambo ake a Yohane, a Chikopa, anali malume anga, mchimwene wawo wa amayi, ndipo ndiwo anali kapitawo wa zankhalango woyang'anira chigawo chimene chinapsacho. M'mawa mwake anatiitana tonse awiri pakhonde, amayi ali pomwepo. Sanakalipe. Anandigwira paphewa mwachikondi.

"Mphwanga, munthu wovomera ine ndimamumvera chisoni," anatero. "Ukanena zoona, chilango chako chikhala chopepuka. Ndikulumbira."

Ndikanawakayikira bwanji? Bambo anga atamwalira, ndi iwo ankasaina lipoti langa la kusukulu, ndi iwonso anandiphunzitsa kupalasa njinga. Ndinaulula zonse misozi ili chuchuchu. Atamufunsa Yohane, anangoti, "Ine dzulo ndinali kumsewu kugulitsa zipatso." Ha! Anatero nsidze zake zili zowauka ndi moto, aliyense akuziona.

Chigamulo sichinachedwe. Anati ine ndisiye kaye sukulu, ndikagwire ntchito kunazale mpaka mitengo yonse yopsa itabwezeretsedwa. Amayi anagwada pansi.

"Achimwene, mwanayu mayeso ake ali pafupi. Nanga wanuyo mumutani?"

"Yohane ndi mwana wa eni ake," anayankha malume. "Malume ake ali ku Malosa, ndiwo angamuweruze. Uyu ndiye wa mbumba yanga, ndili naye mphamvu."

Pamwambo wathu sananame: mwana amakhala wa mtundu wa amayi ake, ndipo mlandu wake amagamula ndi mlongo wawo wa amayiwo. Koma ine ndinaona bwinobwino kuti mwambowo anaukumbukira tsiku lomwe unawathandiza kupulumutsa mwana wawo. Mabwana awo ankafuna dzina la wolakwa, ndipo ine ndinali nditalipereka ndi pakamwa panga.

Yohane anapitadi ku Malosa. Anakhalako milungu iwiri n'kubwerera atanenepa, ndipo palibe anamufunsa kanthu. Iye analemba mayeso n'kusankhidwa kupita kusekondale. Ine ndinkathira dothi m'machubu, kukumba maenje pamalo otsetsereka aja, ndipo mvula itayamba ndinkabzala mbande, chifunga chikundilowa m'mafupa. M'manja munang'ambika, koma si zimene zinkandipweteka. Chinkandiwawa chinali dzanja lija paphewa. Akanangondikwapula osandilonjeza kanthu, bwenzi nditaiwala kalekale.

Kusukulu ndinabwerera patatha chaka, ndili wamtali kuposa onse m'kalasi. Ndinalimbikira, ndipo lero ndine mphunzitsi. Milandu ya ana imabwera patebulo panga pafupifupi mlungu uliwonse. Ndimayamba ndafufuza kuti wayatsa ndani, wangoperekeza ndani, wavomera ndani, ndiponso kuti chilangocho chimulanda chiyani mwanayo. Awiri olakwira limodzi sangasenze katundu wofanana nthawi zonse, izo n'zoona, koma katundu wolemerayo asagwere amene ali pafupi ndi dzanja lako chifukwa choti alibe womutchinjiriza. Ndipo ukalonjeza wovomera chifundo, mupatse, chifukwa ana ena onse amakhala akuyang'ana.

Anthu amati chilango chimaphunzitsa. Changa chinandiphunzitsadi, koma osati kuopa moto. Chinandiphunzitsa kukana. Kuyambira chaka chimenecho ndikalakwa ndinkaumitsa nkhope n'kukanitsitsa, kusukulu, kukoleji, ngakhale kwa mkazi wanga tili m'banja latsopano. Zinanditengera zaka zambiri kuti ndithe kunenanso mawu oti "ndine ndachita," ndipo mpaka pano amatuluka movutikira.

Malume anakalamba akuuza anthu monyadira kuti ndi iwo anandiwongola. Sanapepese, inenso sindinawafunse. Atamwalira, achibale anandisankha kuti ndilankhule kumanda m'malo mwa mbumba. Ndinaimirira, Yohane ali pambali panga, n'kuuza khamu lonse kuti a Chikopa anali munthu wachilungamo, wosakondera. Mawu anga sananjenjemere ngakhale pang'ono.