Zaka Zitatu za Mdzukulu Wanga

Amene anayamba kundiuza anali mwana wanga woyamba, wamkazi, uja amagulitsa nanazi pa Nkando. Ndiye anaperekeza bambo ake kuchipatala chachikulu ku Blantyre, chifukwa ine ndinali ku Thuchila kudikirira mng'ono wake amene anali atangochira mwana wamkazi. Anandipeza ndikuchapa matewera.

"Amayi, ababa awapeza ndi kachotupa m'matumbo. Achotsa kale, musalire."

Ndinakhala pansi manja ali thovu lokhalokha. Anandifotokozera kuti madokotala analowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kumbuyo, nkudula kanyama kaja. Sikanali khansa, koma tinthu totere timameranso, ndipo tikasiyidwa timasanduka khansayo. Mwana wangayo anapempha kuti bambo akewo aziwaona chaka chilichonse. Adokotala anakana. Anati iwo ali ndi ndondomeko yoyendera kukula kwa chotupa, ndipo kwa bambowa ndi zaka zitatu: asafulumire, komanso asapitirire. Tsiku analilemba m'buku lawo lakuchipatala.

Bukulo ndinalisunga mkati mwa Baibulo. Koma chaka chachiwiri madzi anatsika m'phiri, natenga khoma la kuchipinda, Baibulo ndi buku lomwe. Tinapulumuka tonse, Mulungu alemekezeke, koma tsiku lija linapita ndi matope.

Bambo a kunyumba kwangawa anabwerera kothyola tiyi ku esiteti, mimba osawavutanso. Nkhani ija anaiiwala, kapena ankafuna kuiiwala. Ine ayi. Ndinkaiyika m'pemphero Lachinayi lililonse kumvano, koma tsiku lenileni sindinkalidziwa.

M'mawa wina mwana wanga wamng'ono uja anabwera ndi khadi lakusikelo la mdzukulu. Nditaona mwezi wobadwa, ndinakumbukira. Mwanayu anabadwa sabata yomwe agogo ake anawachotsa chotupa, ndipo mwezi wotsatirawo ankakwanitsa zaka zitatu.

"Bambo, nthawi yobwerera ku Blantyre yakwana."

"Mayi, ndikudya, ndikugwira ntchito. Mukufuna akandisuzumirenso kosayenera kuja? Nanga buku si linapita ndi madzi, mwadziwa bwanji?"

Ndinaloza mdzukulu, amene ankathamangitsa anapiye pabwalo.

"Ndiye kalendala yanu ndi iyi, yopanda nsapatoyi?" Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anamuyang'anitsitsa mwanayo.

"Ndikufuna mudzamuone atavala yunifolomu," ndinatero.

Mawa lake anakapempha tchuthi kwa akapitawo.

Ulendo uno ndinapita ndine. M'minibasi ndinkada nkhawa kuti atibweza popeza tinalibe buku. Tinapeza dokotala wina, mayi wachichepere. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nkupita kukafufuza m'mafayilo. Atabwera anati, "Mnzanga analemba zaka zitatu, ndipo mwafika pa nthawi yake. Anakukumbutsani ndani?" Nditamuuza za mdzukulu anaseka, nati mwanayo amulembe ntchito.

Anatipatsa tsiku ndi mankhwala otsuka m'mimba. Bambowa anamwa akudandaula ngati mwana, chakudya osalawa, njira ya kuchimbudzi inachita kusalala. Atawaunika anapezanso tizotupa tiwiri tating'ono, nachotsa pomwepo. Adokotala anati tikanachedwa zaka zina, mwina tikanakamba nkhani ina. Ine ndinangogwira dzanja la amuna anga.

Tinthu tija anatitumiza kokapima, ndipo zotsatira sizinabwere. Zikabwera ndi pamene adzatiuze tsiku lina lobwerera. Ati adzalemba m'buku latsopano, ndiponso pakapepala koti kakakhale kwa mwana wathu ku Nkando, madzi asadzatenge zonse pamodzi.

Bambowa masiku ano akaweruka amamuyika mdzukulu pamwendo nkumamutchula kalendala. Ine ndimangoyang'ana foni, kudikira kuti akuchipatala aimbe ndi zotsatira. Inu amene mwawerenga izi, mukagwada musatiiwale: bambowa, ana anga, ndi kamtsikana kaja, kuti agogo ake adzakaperekeze kusukulu tsiku loyamba.