Mawondo amene sanamire

Damu la pa esiteti yathu ku Thyolo silinagwe kumwamba. Analikumba ndi makasu anthu akwathu, ndipo agogo anga aamuna anali m'gulu lomwelo. Ife tinakula tikulitchula kuti nyanja, poti nyanja yeniyeni tinkangoimvera kwa oyenda. Amayi a m'makomboni ankachapa pamenepo, anyamata ankawedza, ndipo chaka chilichonse mu Okutobala mpingo wathu unkabatiza chakumunsi, pamene madzi amalekeza m'chifuwa. Mpingo wathu ndi uja womiza. Zowaza madzi pamutu sitizidziwa. Munthu alowe yense, ngakhale chala chisatsale kunja.

Bambo anga anakalambira m'munda wa tiyi. Kutchola masamba pamtsetse, dengu lili kumsana, kunawaumitsa mawondo moti sankathanso kuwongola miyendo. Ngakhale pogona ankagona chopinda. Za ubatizo ankangoti mawa, mawa, botolo la kachasu lili m'thumba la jekete. Amayi atamwalira anasiya mowa n'kulowa kalasi ya ubatizo, nkhalamba ya imvi kukhala pabenchi limodzi ndi ana a sukulu, osachita manyazi. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: adzafe ali Mkhristu wathunthu, adzaikidwe ndi nyimbo ngati mmene tinaikira akazi awo.

Chaka chomwecho eni esiteti anazinga damu lija ndi waya. Akuti madzi ndi othirira mitengo ya mtedza wa makademiya, nsomba ndi za alendo obwera pagalimoto Loweruka. Abusa anapita ku ofesi kukapempha, n'kuuzidwa kuti abwerenso, n'kubwereranso, mapeto ake anayankhidwa kuti anthu amadetsa madzi. Mpaka lero ndikakumbuka mawu amenewo mtima umandiwawa. Agalu a alendo aja ankasambiramo tikuona. Koma odetsa madzi ndife, zidzukulu za amene anakumba.

Tsiku la ubatizo tinapitabe, tikuimba, bambo atavala malaya oyera amene ndinawasitira ndekha. Pageti tinapeza mlonda, mwana wa aneba athu a pakomboni.

"Iwe, ndinakunyamula uli khanda," anatero bambo. "Tsegula geti, ndingolowa n'kutuluka."

"Madala, mundikhululukire. Oda yachokera ku ofesi. Ndikatsegula, mawa ntchito yatha, ndiye ana adya chani?"

Ankayankhula akuyang'ana pansi. Ndinalephera kumutukwana.

Tinatsetserekera ku ngalande yotulutsa madzi kuseri kwa damu. Kunja kunali ng'amba, madzi ankangolekeza mu akatumba. Achinyamata anagonekedwa chagada, anamira bwinobwino, anadzuka ali matope okhaokha akuseka. Itafika nthawi ya bambo, abusa anawagoneka mosamala. Mutu unamira, chifuwa chinamira, koma mawondo anatsala pamwamba ngati zitsa ziwiri. Abusa anayesa kuwakanikiza ndi dzanja, bambo anabuula. Anawatembenuza cham'mbali, phewa ndiye linatulukira.

Amayi a mpingo anali atayamba kale kululutira pamene mkulu wina wa mpingo, uja wodziwa malamulo kuposa amene anawalemba, anakweza dzanja.

"Abusa, mawondo sanamire. Tonse taona."

Magazi anandiwira. "Bambo mkulu, mawondo amenewa anaumira m'tiyi wa anthu omwewa atitsekera damu. Mukuti Mulungu sakuwadziwa?"

"Mayi, malamulo sitinaike ndife. Adikire mvula, ngalande idzaze. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha kumakoma ukamauza mnzako. Abusa anagwirizana nazo. Mpingo wonse, anthu amene anadya maliro ndi maukwati pakhomo pathu, panalibe ngakhale mmodzi wotsutsa. Bambo anakhala pamwala akuchotsa matope m'makutu, malaya oyera aja atasanduka ofiira. Iwo ndi amene anandiletsa kulongolola.

"Usiye, mwanawe. Ndadikira moyo wonse, mwezi umodzi ndi chani?"

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Bambo anayamba chifuwa, kenako anasiya kudzuka pamphasa. M'mawa uliwonse ankandituma kuti ndikaone ngati mbali ya ku Mulanje kwachita mitambo. Ndinkapita, n'kubwera kudzawauza kuti kuli ngwee. Malaya aja ndinali nditawachapa, ndipo anandiuza kuti ndiwapachike pamsomali pamene azitha kuwaona.

Anamwalira asanabatizidwe. Akuluakulu anagamula kuti aikidwe ngati munthu wa kalasi: pemphero lalifupi, amayi a mpingo osavala yunifolomu, nyimbo za mpingo osaimba panjira ya kumanda. Mkulu wa mpingo uja ndiye anapemphera, ndipo ine sindinatseke maso.

Sabata yomweyo mvula inagwa yamkokomo. Ndikupita kuchigayo ndinadutsa pa ngalande ija. Madzi anali olekeza m'khosi mwa munthu woimirira.